Foni pa Dzanja la Ababa

Ababa anagwa m'munda wa nandolo chaka chomwe tinaika amayi m'manda. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linangoti lende ngati nsanza yonyowa.

Ababa anali mkamwini. Anachoka ku Nchema ali mnyamata kudzakwatira kwathu ku Mbulumbuzi. Nyumba anamanga ndi iwo, mango anabzala ndi iwo, koma nthaka ndi ya kuchikazi. Ndiye amalume, mlongo wawo wa malemu amayi, anayamba kubwerabwera, ati kudzazonda matenda. Maso ali kumunda.

"Mkamwini ndi khasu," anatero tsiku lina, ababa akumva. "Mkazi palibe, dzanja palibe. Tiwasudzule, azipita kwawo."

Kwawo kuti? Ku Nchema kunatsala manda okhaokha. Mtima unandipsa moti ndinaiwala n'kugwada komwe.

"Amalume, dzanjali silinafe. Langogona."

"Ndiye ulidzutse, mwanawe."

Anesi a kuchipatala anali atandiuza kuti ndizilisisita, ndizilipatsa choti limve. Ndinasisita mpaka zala zanga kuuma, koma ayi ndithu. Tsiku lina foni imene amuna anga anandisiyira popita ku ntchito ku Limbe inali pamphasa, itakhudza chikhatho cha ababa. Sinkalira foni ija, inkangonjenjemera. Itayamba kunjenjemera ababa anadzidzimuka.

"Chikundinyerenyetsa n'chiyani, iwe?"

Dzanja lamva! Ndinang'amba chitenje changa chatsopano n'kumangirira foniyo padzanja pawo. Masiku amenewo kuyimba foni kunali kwa mabwana. Ife tinkangoflasha: kuliza ya mnzako n'kudula asanayankhe. Ndinagawa nambala kwa amayi a kwaya, kwa mwini chigayo, kwa wa sitolo amene ankatitchajira batire, n'kuwauza kuti, "Mukakumbukira ababa, flashani." Foni inkanjenjemera kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Ababa anafika pozindikira anthu. "Awa ndi a kwaya," ankatero, "salekeza msanga."

Pamudzi anatiseka, ati nkhalamba yavala foni ngati chithumwa. Ine ndinkati asekeni, mano ndi awo.

Kaya inali foni, kaya kusisita, kaya makani a ababa, sindidziwa ndipo sindinama. Chomwe ndinaona n'chakuti chala chachikulu chinagwedera, zinzake n'kutsatira. Zala zinaphunzira kufumbata, koma kutambasuka zinakana. Ndikawapatsa chitsononkho, ndinkachita kuwakanula chala chimodzichimodzi kuti achisiye.

Tsiku losudzula, amalume anabwera ndi akuluakulu a banja. Ababa anali pakhonde, foni ili padzanja. Popereka moni, amalume analozetsa dzanja lawo kumanzere kwa ababa, monga onse ankachitira. Ababa anakana. Ndi lamanzere ananyamula lamanja lija, n'kuliika m'dzanja la amalume. Zala zinati gwi.

Amalume anakoka, osatheka. Pomwepo wina anaflasha, foni n'kunjenjemera, amalume kudumpha ngati aponda moto, koma dzanja lili chigwirire.

"Alamu," anatero ababa mwachifatse, "kugwira ndaphunzira. Kusiya ndiye sindinaphunzire ayi."

Mmodzi wa akuluakulu aja anaseka mpaka kutsokomola. "Munthu wogwira chonchi mumusudzula bwanji? Khasu agwira ameneyu. Tiyeni tizipita."

Amalume anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu, kuti ndibwere ndidzakanule zala zija monga ndinkachitira ndi chitsononkho.

Ine ndinapinda manja.