Waya Wachisanu ndi Chimodzi

Munda umene mayi anandisiyira uli kumtunda kwa Likhubula, pafupi ndi malire a nkhalango. Ndinausiya zaka zitatu osaulima. Ndinkathyola tiyi ku esiteti, ndipo pofika kunyumba msana unkakhala utatheratu. Munda unasanduka tchire, nguluwe nʼkupezamo pogona.

Anansi anga ndiwo ankalira. Chinangwa chawo ankachipeza chofukulidwa mzere wonse. Akandiuza kuti nguluwezo zikuchokera mʼtchire langa, ndinkakana kwamtuwagalu. Ndine munthu wosapirira kulozedwa chala, ndipo khalidwe limeneli landipweteka kangapo.

Mʼmalo molambula tchirelo, ndinagula mawaya a mabuleki a njinga nʼkutchera misampha isanu ndi umodzi, osauza munthu. Ndinkafuna kuzipha mwakachetechete kuti wina asadzanene kuti ankanena zoona. Sindinakole ngakhale imodzi.

Kenako anansi anaitana mlenje, bambo wachikulire amene anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Anali ndi agalu anayi, koma amene ankamudalira anali wamkazi, wakhutu longʼambika. Ndiye ankayamba kununkhiza, enawo nʼkumatsatira. Nditamva kuti akubwera Loweruka, ndinapita Lachisanu kukachotsa misampha. Ndinapeza isanu. Wachisanu ndi chimodzi ndinaufuna mpaka thukuta, koma udzu unali utakula ndipo malo ake ndinaiwala.

Mmawa wa Loweruka tinakumana mʼmphepete mwa munda. Alenje akuno saloŵetsa agalu mʼtchire la munthu asanafunse mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo amayenda patsogolo kusonyeza kuti akunena zoona.

"Achimwene, mulibe waya muno?" anandifunsa mlenjeyo.

Anansi onse anali pomwepo, makutu ali tcheru.

"Mulibe, abambo."

"Ngati ulimo tangonenani. Ine sindine wa zankhalango. Agaluwa ndimange, tiyambe tafuna."

"Ndati mulibe."

Anamasula agalu. Ndinatsogola ndi chikwanje, maso ali pansi. Chingwe chilichonse cha mtengo chinkaoneka ngati waya. Ndinkadziuza kuti munda ndi waukulu, waya ndi mmodzi, Mulungu aona.

Galu wamkazi uja anandipitirira nʼkuloŵa pansi pa ziyangoyango. Tinamva akuuwa, kenako kuuwako kunasintha, kunakhala kulira. Titafika tinapeza waya wamugwira mwendo wakutsogolo, ndipo nguluwe yamphongo imene anaidzutsa ili pomwepo. Galu womasuka amaizinda nʼkulumpha. Uyu analibe kolumphira. Inamungʼamba pamimba galuyo, mlenje asanaponye mkondo.

Nguluweyo mlenje anaipha. Anthu ena anayamba kukondwa, koma anasiya ataona mlenje wagwada. Anamasula wayawo pangʼonopangʼono, galu akumunyambita dzanja. Anavula malaya nʼkumukulunga. Sipanapite nthawi, galuyo anafa.

Ndinayembekeza kuti mlenjeyo anditukwana, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero, kuti nane ndipeze pokwiyira. Sanatero. Anasenda nyama, nʼkudula mwendo wakumbuyo, chifukwa mwini malo amalandira mwendo. Anaumanga ndi waya womwe uja nʼkundipatsa.

"Wanu uwu, achimwene. Zonse ziwiri nʼzanu."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinalandira ndi manja awiri, anthu akuyangʼana.

Tchirelo ndinalilambula mwezi womwewo, ndekha, ndikaweruka ku tiyi. Tsopano muli nandolo ndi chinangwa, ndipo nguluwe zinasamukira kumtunda. Mlenje uja ndimakumana naye pamsika. Amandipatsa moni bwinobwino, amafunsa za ana. Koma chaka chatha nguluwe zitavutanso, anapita mʼminda ya anthu onse kufunsa funso lake lija. Atafika pa wanga sanafunse kanthu. Anangomanga agalu ake atatu nʼkulambalala.