Tizidole Topanda Nkhope

Ndikadali nako kachidole kadothi kothyoka mkono, kamene amayi anaumba ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Chaka chimenecho, nyengo yokolola mpunga, amayi anabereka mwana wakufa. Anakamuika azimayi okhaokha, popanda nyimbo. Pobwerako anawauza kuti, "Mtayo sitilira, mungatseke mimba." Amayi anamvera. Sanalire, koma analekanso kuyankhula. Chakudya ankangochiyang'ana mpaka ntchentche kudzaza mbale.

Kenaka anayamba kulawirira kumtsinje wa Bua, n'kubwerako ndi dothi lakuda, lonunkha matope, atalimanga m'chitenje. Ankakhala pakhonde kuumba tiana, n'kumatiyanika pathandala la usipa. Manja, miyendo, ngakhale mchombo, zonse zinalipo, koma nkhope ayi. Mutu unkangokhala see ngati dzira.

Ine ndi nzeru zanga za sitandade thuu ndinati amayi kuumba sakutha. Tsiku lina ndinatenga kena kasanaume, ndinakaboola maso ndi kamtengo ka machesi, n'kukalemba kakamwa. Ndinakawapatsa ndikudzimva katswiri.

Kulira kumene analira amayi sindinakumvenso kwina mpaka lero. Anadzigwetsa pansi atakafumbata pachifuwa, nkhuku n'kubalalika. Ine mkodzo unangotsika m'miyendo. Ndinati basi, ndawapha.

Amalume, amene ankasoka ukonde kuseri, anabwera chothamanga. "Zidolezi ndi zimene zikumupengetsa mlongo wangayu!" Anazigwetsa pathandala paja n'kuziponda ndi chidendene. Aphunzitsi anga, amene ankachita lendi nyumba yoyandikana nafe, anakuwa kuti, "Asiyeni bambo, akuyankhula ndi manja!" Amalume sanamve. Masiku ano ndikamaona achipatala akupereka dala mapepala ndi dothi kwa anthu osweka mtima, chidendene chija chimandipsetsabe mtima, ngakhale ndikudziwa kuti amalume anali ndi mantha chabe.

Mawa lake amayi anamwa phala, n'kundiitana dzina langa koyamba m'miyezi iwiri. Kachidole kamaso kaja ndi kokhako kanapulumuka, poti kanali m'manja mwawo. Katauma anandipatsa kuti ndisunge.

Komabe ndinatha masabata ndikuwazemba, kudikira chikwapu chimene sichinabwere. Ndinkaganiza kuti ndinawaonongera chidole. Sindinkadziwa kuti tsiku lobereka lija azimayi anamukulunga mwanayo mwamsangamsanga, amayi asanamuone nkhope.