Banja Lathu Linakana Kulongedzeka

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza kwathu ku Mpanshya. Amayi amauza anzawo a kutchalitchi kuti ndimakonza mafoni, ndipo mpaka lero anthu amandibweretsera mafoni osweka galasi. Zoona zake n'zakuti ndimayesa mapulogalamu a kompyuta. Ena amalemba, ine ndimafufuza pamene pathyoke, ndiye mungadziwe nokha mmene amandikondera muofesi.

Chaka chimenecho kakampani kathu ka ku Lusaka kankapanga pulogalamu ya anthu a zaumoyo oyenda m'midzi pa njinga. Wa zaumoyo amalowetsa banja mufoni, ndipo akafika pamene pali netiweki, foniyo imatumiza banjalo kukompyuta ya kukiliniki. Koma munthu wa mupulogalamu sangayende pa netiweki mmene alili. Ayenera kulongedzedwa kaye, kusandutsidwa mzere wautali wa zilembo, ngati mmene umapindira zovala kuti zilowe m'chikwama, akafika uko n'kumasulidwa. Lamulo linali limodzi: chilichonse cha mupulogalamu chizilongedzeka, ndipo pomasula chizituluka mmene chinalowera. Ine ndinkayesa ngati chilichonse chikumvera lamulolo. Ndilongedze, ndimasule, ndifanizire. Zikafanana, pakompyuta pamabiriwira. Zikasiyana, pamafiira.

Ba bosi anandipatsa mabanja oyesera amene anawapeka okha. Ha, mabanja okongola! Bambo, mayi, mwana wamwamuna ndi wamkazi, onse ogona nyumba imodzi, onse odziwa tsiku limene anabadwa. Ankalowa bwinobwino ngati sopo m'katoni. Ponse panabiriwira, ba bosi anatigulira zoziziritsa kukhosi, kenaka ananditumiza kwathu kuti ndikaone pulogalamu ikugwira ntchito. Anati akundipatsa ulemu. Ulemu wake unali wakuti kwathu malo ogona ndi aulere.

Komabe ndinapita ndi mtima wonse, chifukwa amayi ali ndi bipi. Mwezi ndi mwezi ankayenda wapansi kukatenga mankhwala, ndipo mvula ikalimba kamtsinje ka kuseri kwa munda wathu kamadzaza, iwo n'kungokhala osamwa, mutu ukuwawa, miyendo itatupa. Tsono kunanenedwa kuti odwala amene alowe mupulogalamu mvula isanayambe adzawabweretsera pakhomo mankhwala a dzinja lonse. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

Wa zaumoyo wa kwathu ndi mayi wina amene amaimba kwaya limodzi ndi amayi. Analowetsa mabanja oyandikana nafe, analowetsanso lathu, ndipo tinapalasa mpaka pa chitunda pamene netiweki imatichitirako chifundo. Mabanja enawo anapita msangamsanga. Litafika lathu, kachizindikiro kanangoyamba kuzungulira. Kuzungulira, kuzungulira, foni kutentha ngati nsimbi, kenaka zii, yazima.

"Ba sisi," anatero mayiyo akuikupiza ndi chitenje, "banja lanu lomwe ndi limene laikomola?"

Tinayesanso, chimodzimodzi. Ndinatsegula laputopu pansi pa mtengo wa mango, ndinachotsa mabanja a ba bosi aja, n'kuikamo lathu lenileni. Panafiira psuu.

Sindinavutike kupeza chifukwa. Pulogalamuyo ikamalongedza mwamuna, imaika mkazi wake mkati mwake. Ikamalongedza mkazi, imaikamo abale ake amagazi, poti bipi ndi shuga zimayenda m'mtundu. Tsono abambo anga ndi amayi anga ndi pachisuweni: abambo ndi mwana wa amalume awo a amayi. Kwathu zimenezi si nkhani, anthu amakula akuseleulana kuti uyu ndi mkazi wanga, ndipo ena zimathera pa guwa. Makinawo analongedza abambo, mkati mwawo anapeza mkazi, amayi. Mwa amayi anapeza m'bale, abambo. Mwa abambomo anapezanso mkazi, amayi omwewo. Anapitiriza choncho mpaka mpweya kuwathera.

Ndinaimbira ba bosi.

"Anakwatira msuweni wake? Zimaloledwa zimenezo?" anafunsa ba bosi, munthu amene agogo ake ndikudziwa kuti sanabadwire m'tauni.

Ndinawafotokozera kakonzedwe koyenera: munthu aliyense alongedzedwe kamodzi kokha, enawo azingomuloza ndi nambala.

"Izo n'za chaka chamawa," anatero. "Manje chotsako chimodzi chabe. Akhale mkazi kapena msuweni, osati zonse ziwiri."

Magazi anandiwira. Ndinawauza mosapsatira kuti banja lathu silinalakwe, yolakwika ndi pulogalamu yawo yolembedwa mwaulesiyo.

"Nanga mayeso ako afiiritsa ndani?" anatero ba bosi, n'kudula foni.

Apa ndinene za abambo. Anachoka pakhomo ine ndili kupulayimale. Amakhala ku Rufunsa pafupi ndi msika ndi mayi wina, ndipo ana awo ndimawaona ndikamadutsa pa minibasi, mphuno yake yanga yomweyi. Ankhoswe anayenda mpaka nsapato kutha. Koma amayi sananenepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti ukwati unatha. Ukwati wa pa guwa sutha. Mlendo akafunsa, ankayankha kuti abambo ali kuntchito, ndipo n'chifukwa chake anauza mnzawo wa kwaya uja kuti awalowetse monga mutu wa banja.

Ndikanatha kungochotsa mwakachetechete. Koma foni inali ya mnzawoyo, ndipo chimene wa kwaya waona Lachinayi, Lamlungu chimakhala chitafika kwa mwini wake. Ndinayenera kufunsa ndithu.

Ndinawapeza amayi pakhonde akutonola chimanga cha mbewu. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza, ngati kuti ndicho ndinabwerera.

"Amayi, makina akukana. Akuti musankhe chimodzi: abambo akhale amuna anu kapena msuweni wanu."

"Akufunsa ndi makina?"

"Ee."

"Osati iwe?"

"Makina, amayi."

"Ndikapanda kusankha?"

"Mankhwala sabwera."

Anapitiriza kutonola. Ine manyazi anandigwira, munthu wamkulu wopita kusukulu, kubwera kudzafunsa mayi wondibereka funso lopusa chonchi. Ndinafuna kuwapeputsira.

"Tingochotsa chisuwenicho. Palibe amene adandaule."

"Iwe, chisuweni ndichichotse bwanji? Amalume aja ndiwo anandilera amayi anga atamwalira. Ndiwakane lero chifukwa cha foni?" Anasasa manja pachitenje. "Chotsa ukwatiwo."

"Amayi?"

"Wagontha? Ndati chotsa ukwatiwo."

Ndinafuna kulira, ndipo ndinafunanso kuseka, koma chachikulu chinali mkwiyo. Zaka zonsezi ankhoswe analephera, azakhali analephera, ine ndemwe ndinkawachonderera ndili mtsikana kuti angonena mawu amenewa tipume. Anakana tonsefe. Lero anawanena ali pakhonde, pakati pa zitsononkho, chifukwa ba bosi anali ndi ulesi wokonza pulogalamu.

Ndinatenga foni ija kwa mayi wa zaumoyo, ndinachotsa ukwati wa makolo anga ndi chala chimodzi, n'kupalasa kubwerera pa chitunda. Banja lathu linapita ngati madzi, foni osatentha n'komwe. Uthenga unabwera kuti amayi alandiridwa, mankhwala afika sabata yomweyo. Nditauza ba bosi, anandiyamikira kuti ndine wanzeru zothetsa mavuto msanga.

Pobwerera ndinapeza amayi ali pomwe paja, dengu litatsala pang'ono kudzaza.

"Zapita?"

"Zapita. Mankhwala akubwera, a dzinja lonse."

Anagwedeza mutu, osadzutsa maso. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, ngati akufunsa za nyengo.

"Nanga abambo ako, pafoni pawo zioneka kuti ndawachotsa?"

"Ayi, amayi. Zimangopita kukiliniki."

"Ndiye sadziwa?"

"Sadziwa."

Anatembenuza chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo, n'kuchiponya pamulu.

"Aa," anatero. "Nanga ndalankhuliranji?"