Madzi a M'beseni

Fungo la sopo pa dothi louma limandisowetsa mtendere mpaka lero. Limandibwezera kukomboni ya esiteti ya tiyi ku Chipinge, kudziko la eni kutali ndi kwathu, kumene azimayi ankasamalira maluwa a pakiliniki chilimwe chonse popanda malipiro. Madzi akavuta, amayi ankatisambitsa titaima m'beseni, kenako n'kusenza madziwo kukathirira mzere wawo.

Ine ndinkayesa amakonda maluwawo kuposa ife. Tsiku lina ndinakankha beseni dala, madzi onse n'kutayika.

"Iwe mwana iwe!" Anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. "Agogo ako anaikidwa ku Mulanje ine kulibe. Nanga maluwa owakumbukira ndikathirire kuti?"

Ndinathamangira kumtsinje ndi chitini, minga ikundibaya.

Ndimathokoza Ambuye kuti amayiwo ndinawaika ndilipo, ndipo maluwa a pamanda awo ndimathirira ndekha.