Tsiku limene ndinafotokoza kanema wopanda mawu

Amene anayamba kundiuza anali mayi wina wa Mvano amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Titaweruka anandikoka chitenje: "Mayi, mwana wanu ali pachithunzi cholengeza chimene amata ku holo ya ku Partick, akuti akaimba piyano ku kanema. Bwanji osatiuza?" Ndinaseka ngati ndikudziwa, koma sindinkadziwa kanthu.

Mwanayo ndi mmodzi yekha amene Mulungu anatipatsa, wamkazi, wokulira kuno ku Maryhill, kudziko la azungu. Kiyibodi anamuphunzitsa ndi bambo ake, shuga asanawadye maso. Nditawauza bambowo anati, "Waiwala chabe, ana a sukulu amatangwanika. Mundisitire jekete."

Tinakwera basi Loweruka masana, tinakafika holo itadzaza, magetsi atazimitsa kale. Kanemayo anali wakalekale, wakuda ndi woyera, wochokera m'buku lina limene azungu amalilemekeza. Anthu ake pakamwa pankayenda koma mawu osamveka. Mawu ankabwera olembedwa, ndipo ine wa Sitandade sikisi ndisanafike pakati, achoka. Kutsogolo, pakanyale kakang'ono, mwana wathu akuimba.

Bambo ake anandigwira bondo. "Dzanja lamanzere lija wakonza. Nanga pakhomapo pakuchitika chiyani?"

Kwathu ku vidiyo sho, amene waona amafotokozera mnzake, ndipo woipa timamukalipira tonse. Ndiye ndinayamba. Ndinati pali mayi wamasiye, mlamu wake wabwera ndi chipewa chachitali, akuloza mipando, akuloza wotchi. Bambowo anati, "Kulanda katundu kunaliko ndi kuno komwe?" Mlamu uja atamukankhira mayiyo panja pachipale chofewa, zinandipweteka, ndinati, "Mulungu akuona iwe." Ndikuganiza ndinakweza mawu. Anthu ena anaseka, bambo wina kutsogolo anatembenuka n'kuika chala pakamwa. Piyano inaphonya pang'ono, n'kupitiriza. Ndinayamba kunong'ona, koma sindikanasiya munthu wosaona ali mumdima kawiri.

Atayatsa magetsi anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Ndinawatsogolera bambo ake mpaka kutsogolo, mtima uli mbee. Mwana wathu anali ndi mayi wina wa imvi amene anakonza zonsezo. Mayiyo anafunsa mwaulemu ngati tikudziwana.

Chingerezi cha kuno chimandivuta, koma ichi ndinachimva chonse. Mwana wathu anati bambowa ndi a kutchalitchi kumene ankapita ali mwana, ndipo ine ndine wowasamalira. Ananena akuyang'ana mapepala ake a nyimbo.

Bambo ake anali atatambasula kale manja onse awiri. Anabweza limodzi, linalo anamupatsa moni ngati mlendo, n'kumuuza m'Chingerezi kuti waimba bwino, amene anamuphunzitsa ayenera kunyada. Kenako anati kwa ine, "Tiyeni mayi, ntchito yanu ithe nthawi yabwino."

Madzulo mwanayo analemba pafoni kuti ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anthu amene akanamupatsa ntchito, kuti n'chifukwa chake sanatiitane. Bambo ake anandifunsa kuti walemba chiyani. Ndinawawerengera zonse, chifukwa maso awo ndine, sindiwanamiza. Sabata yomweyo mwanayo anadzatenga zovala zake ife tili kuchipatala, n'kupita kwa anzake ku Dennistoun. Makiyi tinawapeza pamphasa ya pakhomo.

Bambo ake anandiuza kuti kiyibodi ija ndikaipereke kutchalitchi. Ndinawapempha kuti ikhale kaye, anangoti, "Bola ndisaigunde." Ili pansi pa bedi la mwanayo, ndinaikulunga m'chitenje. Kwaya ya kutchalitchi imene ankaimba, bambowo anasiya. Kukamveka mapazi pamasitepe amatsitsa wailesi, akadutsa amakwezanso.

Ndimathokozabe Mulungu kuti ndinamuona mwana wanga akuimba, anthu onse aja ali chete chifukwa cha zala zake. Inu amene mwawerenga izi, mukagwada mutikumbukire atatu tonse, makamaka bambo ake, ndipo mwanayo musamutemberere.