Mphini pa Msongolo Wanga

Ululu unayamba mu Juni 2003, pa msongolo wakumanzere. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina ku Mavwere, ndipo ndinkakonzekera mpikisano wothamanga mtunda wautali. M'mawa uliwonse ndinkathamanga m'tinjira ta m'minda, kudumpha mizere youma gwa, kutsikira kudambo n'kukwera chitunda, nditavala nsapato za salaula, zogula pa kaunjika, zodyeka mbali imodzi. Ululuwo ndinkaunyoza. Ukayamba, ndinkangowonjezera liwiro.

Pofika Julaye mwendo unatupa moti sindinkathanso kuponda. Amalume atamva kuti kanjira kanga kankadutsa m'munda wa fodya wa pa esiteti, sanafunsenso zambiri. "Minda ija njotsirika, mphwanga. Waponda mankhwala." Anabwera ndi lezala, nanditema mphini potupapo n'kupakamo ufa wakuda. Anachita zimenezi chifukwa chondikonda, ndipo ine mantha anali atandigwira kale, ndinangotambasula mwendo.

Sabata isanathe mphini zija zinayamba kutuluka mafinya. Thupi linkatentha, ndipo ndi fungo la mabalawo ngakhale mkazi wanga ankalephera kubisa nkhope. Ndiye anapempha ngolo n'kunditengera kuchipatala.

Tinakhala pabenchi mpaka masana. Atandijambula, dokotala anati, "Fupa langong'aluka pang'ono chifukwa chothamanga pouma. Likanapola ndi kupumula kokha. Koma mabalawa alowa mkati. Jakisoni akakanika, tidula." Kenako anatenga cholembera n'kuzunguliza mzere pakhungu, pamene kutupa kunalekezera.

M'mawa uliwonse namwino ankatsuka bala, kundibaya, n'kuyang'ana ngati kutupa kwadumpha mzerewo. Ine ndinkayang'ana kudenga. Pabedi loyandikana nane panali bambo wina, tenanti wochokera ku Mulanje, amene anali atamudula kale mwendo chifukwa cha bala la khasu. Ankapempha mkazi wake kuti amukande phazi, ndipo mayiyo ankakanda bulangete pamene panalibe kanthu. Mpaka lero phazi langa likandiyabwa ndimayamba ndaliyang'ana kaye ngati lilipo.

Kutupa kunaima pamzere, kenako kunayamba kubwerera. Bala litauma anandiika chikhakha, ndipo ndinatuluka mu Seputembala ndikuyendera ndodo. Panopa ndimayenda bwino, kungoti kukazizira ndimatsimphina. Kuthamanga ndinasiya. Ndikaona kanjira kalowera kudambo mtima umandipweteka.

Inu othamanga, ululu wa pa fupa umene ukubwera pamalo amodzimodzi si woupirira. Siyani kuthamanga, pitani akakujambuleni msanga, ndipo musalole lezala kufika potupa.

Amalume akadali moyo. Amauza anthu kuti mphini zawo ndizo zinapulumutsa mwendo wanga, ndipo ndikamadutsa amandiloza ngati umboni. Ndawauza kangapo zimene dokotala ananena, iwo amangoseka. Mwezi wathawu ndinapeza mayi wina atakhala pakhonde pawo, atatambasula mwendo wotupa, iwo akutsegula lezala latsopano.