Ndinaimira Unkhoswe Mwamuna wa Mwini

Mnzanga amene ndinamuimira unkhoswe tili ku koleji anali kale ndi mkazi komanso mwana ku Blantyre. Ndinazidziwa tsiku lolandira madigiri, tonse titavala mikanjo.

Koleji yathu ili pachitunda, m'boma la Dowa. Kumunsi kwake kuli katauni ka msewu umodzi, komwe ophunzira ambiri ankangodutsa panjinga yamoto popita kokakwera minibasi. Ine kwathu ndi ku Dzoole, ndiye katauni kotere sikanali kachilendo kwa ine. Ine ndi mnzangayo tinapatsidwa chipinda chimodzi chaka choyamba. Anali wamkulupo, atagwirapo ntchito asanabwerere kusukulu, ndipo Dowa ankangoionera pawindo la basi. Loweruka loyamba anati, "Aise, iwe ndi mwana wa kuno. Tiye ukandionetse dziko lanu."

Ndinamuonetsa. Tinayambira pachigayo, pomwe amayi amandandika matumba pamzere iwo n'kukhala pamthunzi. Tinadutsa mashopu a feteleza, amene amadzaza anthu mvula ikayandikira n'kukhala zii chimanga chikacha. Kuseri kwa msika kuli masikelo a mavenda a mtedza ndi soya. Ukaima padepoti kunja kuli kowala, mapiri a ku Ntchisi amaoneka obiriwira chakumpoto. M'nyengo yogulitsa fodya malole a mabelo amaima mumsewu, fungo lake n'kulowa mpaka m'malesitilanti. Iye ankafunsa chilichonse. Anaphunzira msanga kupereka moni atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, ndipo posakhalitsa a pachiwaya ankamuwonjezera tchipisi, ine ayi.

Pakhonde la golosale ina pankakhala mtsikana wosoka ndi makina opalasa ndi phazi. Tinapitako koyamba chifukwa thalauza langa linang'ambika. Analitambasula, n'kuliyang'ana mbali zonse.

"Achimwene, ili mwabweretsa n'losoka kapena n'lokolopera?"

Mnzanga anaseka mpaka kugwira mzati. Loweruka lotsatira anabwera ndi malaya ake opanda batani limodzi. Linalo anabweranso ndi ena.

"Mabatani anu amadziwa kalendala," anatero mtsikanayo. "Amathothoka Loweruka lokhalokha."

Chibwenzi chinayamba choncho. Chaka chachitatu amayi ake a mtsikanayo, Akatolika oimba kwaya kuparishi, ananena kuti za pakhonde zakwana. Ngati mnyamatayo ali ndi cholinga, akaonekere kwa malume a mtsikana, omwe amalima fodya kufupi ndi Mtengowanthenga. Kwathu kuno mwamuna sakafunsira yekha. Amatuma munthu wa kwawo, malume kapena mkulu wake, ndipo wotumidwayo ndiye nkhoswe. Banja la mkazi limadziwa iyeyo. Pakabuka vuto, ndi amene amaitanidwa.

Mnzanga anandipempha ine.

"Amalume ali ku Joni, aise. Amayi miyendo ikuwavuta. M'bale wanga kuno ndi iweyo."

Ndinamuuza kuti unkhoswe sapatsana anthu a m'kalasi imodzi.

"Ukungotsegula chitseko basi. Tikamaliza sukulu akuluakulu adzabwera okha, iwe udzapume."

Ndinavomera. Tinali titagona chipinda chimodzi zaka zonsezo, ndipo malungo atandigwira ndi iyeyo amene anandiperekeza kuchipatala n'kumandichapira zovala. Patchuthi ankapita kwawo n'kubwerako ndi nkhani za amayi ake ndi za mpira. Za mkazi sanatchulepo.

Ndinapita kwa malume a mtsikanayo Lamlungu masana. Malumewo anayala mphasa pafupi ndi chigafa cha fodya. Anali munthu wosafulumira kulankhula. Nditafotokoza chimene ndadzera, anandifunsa kuti ndine ndani wake.

"Ndine mnzake, bambo, koma wandituma ngati m'bale."

"Ngati m'bale. Chabwino. Nanga kwawoko sanasiyeko banja?"

"Ayi, bambo."

"Mwaonako ndi maso anu?"

"Ndakhala naye zaka zitatu."

Anafunsa mudzi wanga ku Dzoole. Nditautchula anagwedeza mutu, chifukwa anagulako ng'ombe kale. Anati wa ku Blantyre samudziwa, koma mwana wa ku Dzoole angathe kumumvera. Analola. Mnzanga anapereka chitenje cha chikole, amayi aja anakauza anzawo a kumphakati, ndipo mtsikanayo anayamba kunditchula kuti alamu. Mphunzitsi wina wa pulayimale amene ankamufuna anauzidwa kuti malo atha.

Pa mwambo wa madigiri aliyense amaloledwa alendo awiri. Mnzanga anauza mtsikanayo kuti malo akewo apita kwa amayi ake ndi amalume, omwe akuti abwerako ku Joni, ndipo mwambo ukatha atsika nawo kutauni kuti mabanja awonane. Amayi a mtsikanayo anapha nkhuku.

Titatuluka mu holo ndinamufunafuna mnzangayo pakati pa anthu ojambulitsa. Ndinamupeza atanyamula kamwana kakakazi koyenda kale, katavala chipewa chake cha digiri. Pambali pake panali mayi wachitsikana wovala diresi la buluu. Nkhalamba yodwala miyendo panalibe, malume panalibe.

"Aise," anatero, osaphethira, "awa ndi mayi a kunyumba." Kenako anatembenukira kwa mkaziyo. "Uyu ndi mnyamata uja ankandionetsa tauni."

Mkaziyo anapinda maondo mwaulemu. "Ndamva zambiri za inu. Akuti munkawayang'anira kuti asasochere. Zikomo kwambiri."

Ndinamukokera pambali mnzangayo n'kumufunsa kuti nanga aja akudikira kumunsi.

"N'zovuta kufotokoza pano, aise. Ukawauze kuti ndiimba."

"Ndikawauze ineyo?"

"Si ndiwe amene amakumvera?"

Anakwera galimoto imene anachita hayala. Msewu wochoka kukoleji ndi umodzi, ndipo umadutsa pakhonde la golosale ija. Galimotoyo sinaime.

Ndinatsika wapansi, mkanjo uli m'manja. Mtsikanayo anali atavundikira makina ake, atavala diresi latsopano lodzisokera yekha.

"Alamu, alendo athu mwawasiya kuti? Kapena akuopa fumbi la kuno?"

Ndinamupempha kuti tipite kwa amayi ake. Titafika ndinanena zonse monga ndinazionera: mkazi, mwana, galimoto. Mtsikanayo analowa m'nyumba. Amayiwo sanakweze mawu.

"Inuyo munkadziwa?"

"Sindinkadziwa, amayi."

"Koma kwa achimwene anga munanena kuti kulibe banja."

Ndinavomera kuti ndinatero. Amayiwo anapita kukaphula mapoto.

Mnzangayo sanaimbe. Ndikaimba nambala yake siilowa, ndipo pagulu la kalasi yathu la pafoni anatulukamo. Kumene amakhala ku Blantyre sindikudziwa, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti pa zaka zonse zija sanandiuzepo ngakhale dera lake. Iye ankadziwa njira ya kwathu, mayina a azichemwali anga, ngakhale munda umene bambo amabzala mtedza. Mtsikanayo akusokabe pakhonde lija. Amene amadutsako akuti ophunzira akabweretsa zovala amangotchula tsiku lodzatenga, osaonjezerapo kanthu.

Ndinayamba ntchito ku Lilongwe. Mwezi watha malume aja anandiimbira. Ndinayesa kufotokoza kuti nanenso ndinanamizidwa.

"Zimenezo tamva," anatero. "Koma iyeyo ife sitimudziwa. Amene anakhala pamphasa yanga ndi inu."

Anati mtsikanayo sangakhale womangika pa chitomero chimene mwini wake anathawa, ndipo anthu a kumphakati akufunsabe. Nkhani iyenera kutsekedwa pomwe inatsegulidwira, pamaso pa mboni, kuti aliyense adziwe kuti vuto silinali kwa mwana wawo. Akufuna nkhoswe ibwere ndi munthu wamkulu wa kuchimuna. Poti wa kuchimuna sindingamupeze, anatumiza kale uthenga ku Dzoole, ndipo bambo anga, omwe anangomuonapo mnzangayo kawiri, avomera kundiperekeza.

Tikupita Loweruka likubwerali. Ine ndi bambo tikakhala mbali ya mwamuna, ndipo ine ndi amene ndikayambe kulankhula.